A Kadiso ndi Chithunzi cha Khonde Lonse

Tsiku limene mwini nyumba anakwera masitepe n'kudzanena kuti nyumbayo yagulitsidwa, ndipo onse ogwira ntchito pa khonde la pamwamba asamuke mwezi ukatha, aliyense anagwira mutu. Mayi Telala anayang'ana makina awo osokera n'kufunsa kuti awasenza kupita nawo kuti. A Makiyi, odula makiyi pa khomo loyandikana ndi masitepe, anatukwana mpaka malovu kuuma. Wometa tsitsi anazimitsa makina mutu wa munthu uli theka. A Kadiso okha ndi amene anangopitiriza ntchito yawo, ndipo anzawo anati, "Awa ndiye alibe nazo ntchito, katundu wawo yense ndi wolowa m'chikwama chimodzi." N'zoona, katunduyo anali wolowadi m'chikwama. Koma mantha analipo, ndipo anali aakulu kuposa a wina aliyense pakhondepo. A Kadiso ankaopa kuti akachoka pamenepo sipadzapezekanso munthu wowafunsa kuti adzuka bwanji.

Ankawatchula a Kadiso chifukwa cha kagalasi kokuza zinthu kamene ankakapanikiza pa diso lamanja tsiku lonse, mpaka khungu la pamenepo linachita mzere wozungulira wosachoka ngakhale asambe. Ntchito yawo inali kukonza makamera a mafoni. Makamera okha, inu. Mukabwera ndi foni yosweka sikirini kapena yokana kutchaja, ankakulozerani kwa okonza mafoni a pansi. Koma ikakhala yojambula mbuu, kapena yoti chithunzi chikungonjenjemera, kapena kamera ikulira ngati udzudzu mukaitsegula, ndiye kuti mwafika pakhomo pake.

Kamera ya foni ndi kanthu kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono, koma m'katimo muli timagalasi tosanjikizana, topyapyala ngati mamba a nsomba, tina totukuka pakati, tina tolowa m'kati. Tonseto timalendewera pa timawaya toonda kuposa tsitsi, kuti dzanja la munthu likanjenjemera ito tisanjenjemere nalo. Mafoni ena ali ndi kamera yachiwiri yotambalala, yomeza chipinda chonse nthawi imodzi. Ena ali ndi kagalasi kokhotetsa kuwala kuti kuziyenda chogona m'thupi la foni, poti malo oti kuyende choimirira mulibe. A Kadiso ankazidziwa zonsezi ndi zala. Mdani wawo anali fumbi. Kachitsotso kamodzi kakangogwera pakati pa timagalasito, chithunzi chilichonse cha mwini foniyo chimatuluka ndi banga pamalo omwewo, kaya ndi cha ukwati kaya ndi cha maliro. Ndiye akamatsegula kamera ankatseka chitseko, kuzimitsa fani, kupopera kamphepo pa tebulo, n'kugwira mpweya. Kugwira mpweya kwa zaka zambiri kunawasandutsa munthu wosayankhulayankhula.

Kunyumba nakonso kunalibe woyankhula naye. Akazi awo anapita kwa mwana wawo wamkazi, kutali ndithu, kukathandiza pamene anabereka mwana woyamba. Anati akakhalako pang'ono. Mdzukuluyo anakwawa, anayenda, anayamba sukulu, kunabadwa wina, agogo ake ali komweko. Ndewu panalibe, kusiyana panalibe, ukwati unalipo bwinobwino, kungoti unkachitikira pa foni Lamlungu masana.

"Mukudya koma?"

"Ndikudya."

"Denga lija?"

"Likadali choncho."

"Chabwino, ndidule kaye, mwana akulira."

Basi, ukwati wa sabata imeneyo watha. Nsapato za mayiwo zinali zikadali kuseri kwa chitseko, ndipo a Kadiso akamasesa ankazinyamula, kusesa pansi pake, n'kuzibwezera pomwepo.

Choncho moyo wawo unali pakhonde. Sikuti ankacheza, ayi, munthu wake sanali wocheza. Ankangomvera. Kachipinda kawo kanali pakati penipeni, ndipo makoma anali a thabwa, ndiye zonse zinkalowa: makina a a Makiyi akukukuta chitsulo, a Makiyiwo ndi wometa akukangana za mpira ngati anawerengera limodzi malamulo ake, Mayi Telala akuimba chong'ung'udza mapini ali pakamwa. Ndipo m'mawa uliwonse, asanavule n'komwe chikwama, mutu wa Mayi Telala unkasuzumira pa chitseko.

"Achimwene, mwadzuka? Kapena diso linalo likadali mtulo?"

"Ndadzuka achemwali, kaya inu."

Mawu ake anali omwewo, tsiku ndi tsiku, koma a Kadiso ankawadikira kuyambira pamene atsika pa bedi. Sanauzepo munthu zimenezi. Akanayambira pati?

Tsono panali kachitidwe kawo kamene aliyense pakhondepo anakazolowera. Akamaliza kukonza kamera sankaikhulupirira asanaiyese ndi chithunzi chachitali chija chimene pa foni amachitcha panolama. Ankatuluka, kuima pakati pa khonde, zigongono m'nthiti, n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono kuchokera ku masitepe mpaka ku zenera la kumapeto. Foni imajambula timizere tambirimbiri n'kumatilumikiza yokha kuti tikhale chithunzi chimodzi. Galasi likakhala lopendama, mafelemu a zitseko amatuluka okhota, ndipo chitsulo cha m'mphepete mwa khonde chimaoneka chothyoka pakati. Likakhala bwino, khonde lonse limagona myaa, kuchokera uku mpaka uko. Mayi Telala atafotokozeredwa zimenezi anawomba m'manja. "Ndiye kafoniko ndi katelala kanzanga, kakulumikiza zigamba!" Ndipo munthu akasuntha foni ikudutsa pa iye, ankatuluka wodukaduka, a Makiyi opanda mutu, wometa wa manja atatu.

Koma zithunzi zimenezi palibe ankaziona, chifukwa a Kadiso ankazifufuta nthawi yomweyo. Foni ndi ya mwini. Munthu asakapeze nkhope za anthu achilendo m'foni mwake, angakafunsidwe kunyumba kuti mayi wa mapini pakamwayu ndi ndani. Ndiye akaona mizere, akaona ngodya, chala chinkachita chokha: kufufuta, kulowa mobisika muja zofufutidwa zimakadikirira, kufufutanso momwemo, kupukuta foni ndi kansalu, kupereka. Mutu sunkafunsidwa n'komwe. Anthu a pakhondepo anawajambula tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo, koma analibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ndipo foni yawoyawo, musaseke, kamera yake inafa kalekale. Ankangoti adzaikonza akadzapeza mpata.

Tsiku lomaliza linafika. Khonde linadzaza makatoni, mipando ya wometa itagadama miyendo m'mwamba, nsalu za Mayi Telala zitamangidwa mitolo. A Kadiso anali ndi ntchito imodzi yotsala, foni ya mayi wina wapaulendo amene anaisiya m'mawa n'kunena kuti adzaitenga akamakakwera basi. Inali foni yabwino, ndipo anali atangoikamo kamera yotambalala yatsopano. Atatuluka nayo kuti aiyese, Mayi Telala anawaimitsa.

"Achimwene, lero ayi. Mwatijambula mwaulere zaka zonsezi osationetsa. Lero mutijambule chachitali chomwecho, koma chikhale chathu. Tonse, aliyense pa khomo pake."

"Eya!" anatero wometa. "Khonde lopapatiza ili, wina akati abwerere m'mbuyo kuti tonse tilowe, akagwera pamsewu. Izi n'za a Kadiso basi."

Abale inu, mukanawaona a Kadiso. Munthu woti mawu ake ankatha ndi moni anayamba kulamula ngati woyendetsa kwaya. Uyu aime apa. Uyo achotse katoni. Mtsikana wa fotokope asendere kuno, kuwala kukumumenya kumbuyo. Bambo ogulitsa ulusi ndi mabatani avule chipewa.

"Foni ikamadutsa pa inu osagwedera. Osapuma. A Makiyi, pakamwa potseka."

"Ha! Mwamva? Awa amayankhula!" anatero a Makiyi, ndipo khonde lonse linaseka chikhakhali, moti anayenera kudikira kuti nthiti za anthu zikhazikike.

Kenako kunati zii. A Kadiso anaika zigongono m'nthiti, anagwira mpweya, n'kuyamba kutembenuka. Nkhope zinkalowa pa galasi la foni imodzi imodzi: a Makiyi atafutukula chifuwa, mtsikana wa fotokope akuluma mlomo kuti asaseke, Mayi Telala tepi yoyezera ili m'khosi, wometa atakweza chipeso m'mwamba. Onse anaima nji, kuwamvera iwo. Atafika ku zenera anatulutsa mpweya n'kuyang'ana. Chinatuluka bwino kuposa zonse zimene anajambulapo. Mizere yowongoka, zitseko zoima chilili, panalibe woduka mutu ngakhale mmodzi.

Anthu anawaunjirira. Wina anawatsamira paphewa, wina anawagwira m'khosi kuti aone bwino, fungo la mafuta a tsitsi ndi la chitsulo linawazungulira. A Kadiso sanakumbuke kuti ndi liti pamene munthu anawakhudza komaliza, ndipo anasangalala mpaka kuchita manyazi.

"Koma inu mulibemo," anatero wometa.

"Wojambula salowamo."

"Alimo," anatero Mayi Telala. "Taonani maso athu tonse, akuyang'ana ndani?"

Wometa, poti ndiye anali wa changu pa za mafoni, anati atsegula gulu la pa foni pompo, onse alowemo, a Kadiso atumize chithunzicho pamenepo. Analitcha Chithunzi Chathu. Foni ya a Kadiso inanjenjemera m'thumba kusonyeza kuti alowetsedwa. Iwo anati alowe kaye m'kachipinda kawo, asamutsire chithunzicho m'foni mwawo bwinobwino. Nthawi yomweyo lole yonyamula katundu inaliza hutala pansi, anthu onse balala, aliyense ku katoni yake. Ndipo pa masitepe panatulukira mwini foni uja, thukuta kamukamu, chikwama chili kumutu.

"Bambo, mwamaliza? Basi ikundisiya, chonde fulumirani!"

"Ndamaliza mayi, ili bwinobwino."

Chala chinachita ntchito yake. Kufufuta, kulowa mobisika muja, kufufutanso, kupukuta ndi kansalu, kupereka ndi manja awiri. Mayiyo anathokoza, n'kutsika masitepe chothamanga. A Kadiso anapinda kansalu kaja bwinobwino, pakati, kenako pakatinso, ndipo ali m'kati mopinda m'pamene mutu unabwerera. Anangoti kakasi.

Asa! Chala chimenechi, chala chopanda nzeru! Anathamanga kutsika masitepe, kagalasi kakulendewera pa chingwe, munthu wamkulu kudumpha masitepe ngati wapsa. Pamsewu panali anthu okhaokha, ndipo mayi wa chikwama kumutu sanaoneke. Anaima pamenepo akupuma wefuwefu. Chowawa kwambiri chinali chakuti ankadziwa bwino lomwe kuti ngakhale akanamupeza sizikanathandiza. Iwo akafufuta, afufuta. Ntchito imeneyi sankaichita mwatheka.

Atakweranso anapeza anthu akutsitsa makina a Mayi Telala, akukuwizana kuti gwirani uko. Mayiwo anawakuwira ali pakati pa masitepe, "Madzulo ano tichione, achimwene!" A Kadiso anagwedeza mutu. Anati anena mawa, anthu akapuma. Anaika zida zawo m'chikwama, anatseka kachipinda kopanda kanthu, napereka kiyi kwa mlonda.

Malo atsopano sanawafune. Anakokera tebulo pafupi ndi zenera la pabalaza kunyumba kwawo, ndipo okonza mafoni ena ankawatumizira makamera ovuta mu envelopu, iwo n'kumakonza. M'nyumbamo munali bwino pa ntchito, fumbi lochepa, phokoso ayi. Phokoso ayi ndithu. Ankamva firiji ikuyamba ndi kusiya, ndi madzi akudontha pa mpopi wa kukhitchini.

Koma m'mawa woyamba womwewo, akuthira madzi m'ketulo, foni inanjenjemera. Anali wometa pa gulu paja: "A Kadiso, chithunzi chija?" Asanayankhe, inanjenjemeranso. A Makiyi: "Asiyeni, akundidula mimba kaye kuti ndioneke mnyamata." Mtsikana wa fotokope anatumiza tinkhope toseka. Wometa anati mimba ya a Makiyi singadulidwe ndi foni, ikufunika sowo. Mpira unalowapo, mkangano wa dzana unapitirira pomwe unalekera. Kenako panabwera uthenga wa mawu, wa Mayi Telala, poti iwo zolemba zinkawachedwetsa.

"Achimwene, mwadzuka? Tikudikiratu kuno, musatigoneke ndi njala."

A Kadiso anaumvera, n'kuubwereza, n'kuubwerezanso, ketulo ikuwira mpaka kutsala pang'ono kuuma. Khonde lonse linali litasamukira m'thumba mwawo. Ndipo sanali wopusa, anaona chimene chinalimangirira pamenepo. Anthuwa ankabwera m'mawa uliwonse chifukwa panali chinthu chimene ankadikira. Akawauza kuti chinthucho kulibe, adzabwereranso kudzatani? Anayamba kulemba zoona, anafufuta. Anayambanso, anafufutanso. Potsiriza analemba kuti, "Ndikuchikonza kaye, pirirani."

Linali bodza, ndipo iwo sanali munthu wabodza. Koma bodzalo linagwira ntchito, abale. Mawa lake anafunsanso, mkuja anafunsanso. A Kadiso anati chithunzicho n'chachikulu, chikukana kudutsa. Kenako anati akufuna achiwalitse mbali ya ku masitepe. A Makiyi anati zikuoneka kuti a Kadiso akuchijambula ndi pensulo. Wometa anati adzachilandira zidzukulu zawo. Ankawaseka, kuwatchula maina, ndipo a Kadiso ankawerenga zonsezo akumwetulira okha pabalaza. Anayamba kudzuka msanga kuti uthenga woyamba usawapeze ali mtulo. Anayamba ngakhale kuyankhako za mpira, umene sankaudziwa mutu wake ndi uti.

Lamlungu lina akazi awo ali pa foni anamva kunjenjemerako.

"Kodi foni yanuyo ikungolira chiyani?"

"Ndi anzanga."

"Anzanu? Inuyo?" Mayiwo anaseka mpaka kuitana mwana wawo kuti adzamve. "Akuti bambo ako ali ndi anzawo!"

A Kadiso anaseka nawo. Sizinawapweteke n'komwe tsiku limenelo, chifukwa zinali zoona, anali nawo.

Chinawagwetsa ndi msomali. Tsiku lina Mayi Telala anatumiza chithunzi pa gulu: khoma la pa malo awo atsopano, lopakidwa laimu mbee, ndipo pamwamba pa makina osokera panali msomali umodzi wokhomedwa kale. Uthenga wa mawu unatsatira. "Achimwene, mwaona? Malo ndakonza. Mwana wanga akuti akachitsukitsa chachitali chomwecho, tichiike m'felemu. Makasitomala akumandifunsa kuti msomaliwu ndi wa chiyani, ine ndikumati dikirani muone anthu anga."

A Kadiso anauyang'ana msomaliwo nthawi yaitali. Anaukuza ndi zala ziwiri mpaka kuona pamene hamala inaphonya n'kuswa laimu. Mayi wa anthu anakwera pampando ndi mawondo ake opweteka, n'kukhoma msomali chifukwa cha chinthu choti kulibe. Manyazi anawagwira. Tsiku limenelo sanatsegule kamera iliyonse.

M'mawa mwake analemba. Analemba zonse, za mayi wa basi, za chala, za kansalu, ndi zoti masiku onsewa ankanama. Sanadzichepetsere mlandu. Atatumiza anaika foni pa tebulo chafufumimba n'kupita kukatsuka makapu.

Makapu anatsuka onse, ndi a alendo omwe amene anali atachita fumbi m'kabati. Chifukwa, kunena zoona, a Kadiso ankayembekezera mkwiyo, ndipo pansi pa mtima ankaufuna. A Makiyi akapsa mtima amatukwana mwezi wathunthu. Mayi Telala angathe kukwera basi kudzawakalipira pamaso, atagwira m'chiuno, wometa ali pambuyo kudzaonerera. Akabwera ndiye kuti akhala pansi. Akakhala pansi ndiye kuti amwa tiyi. Munthu amene wakukwiyira sanathane nawe. Anapukuta mipando, anayang'ana ngati shuga alipo.

Atatembenuza foni anapeza anthu akuseka.

"Hahaha a Kadiso inu! Chala chazolowera!" anatero wometa.

"Zimachitika bambo, musadandaule," anatero mtsikana wa fotokope.

Bambo a ulusi ndi mabatani anati chachikulu ndi moyo. A Makiyi, a Makiyi enieniwo, otukwana mpaka malovu kuuma, anangotumiza kachala kokweza m'mwamba. Mayi Telala anatumiza mawu afupi, makina akulira kumbuyo: "Aaa, pepani achimwene, musadziwawitse mutu. Ndipachikapo kalendala."

Anawakhululukira onse, msangamsanga, ngati mmene umakhululukira munthu amene wakuponda m'basi. A Kadiso anabwezera makapu m'kabati.

Mawa lake foni inakhala duu. Anaiyang'ana ngati yazima, inali yoyaka. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, iwo amene ankadziwa bwino kuti palibe chavuta. Patapita masiku, pa gulu panaoneka timawu tating'ono totuwa, tonena kuti mtsikana wa fotokope watuluka. Sanatsanzike, ndipo panalibe chifukwa chotsanzikira, gulu linali la chithunzi ndipo chithunzi kunalibe. Anatsatira bambo a ulusi. Kenako a Makiyi. Wometa, mwini wake amene analitsegula, anatuluka Loweruka lina masana, mwina ali pakati pa mitu iwiri. Timawu totuwato tinasanjikizana pansi pa uthenga wa kalendala uja.

Anatsala awiri, a Kadiso ndi Mayi Telala.

Zimenezi zinawagwira mtima kuposa mmene munthu angaganizire. Tsiku lililonse ankatsegula gululo n'kuyang'ana pamwamba pomwe pamalembedwa amene alimo. Achemwali alimo. Ena onse apita, koma achemwali sanapite. Ankaganiza kuti mwina mayiwo akudziwa, mwina akhalira dala, kuti munthu asatsale yekha. Kangapo analemba moni kuti atumize, koma ankaopa. Akatumiza, foni ya mayiwo ilira, akumbukira kuti gulu lija likadalipo, ndiye mwina atuluka. Bola kukhala chete. Choncho ankangolowamo, kukhala pang'ono, n'kutseka foni mwakachetechete ngati munthu wotuluka m'chipinda mmene wina wagona.

Tsiku lina masana, ali ndi kamera yotsegula pa tebulo, kachitsulo kopanira kali m'manja, mpweya atagwira, foni inalira. Kulira kwenikweni, osati kunjenjemera. Anaona dzina la Mayi Telala. Anasiya kamera ili yasa, osaivundikira n'komwe, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito.

"Achemwali!"

"Achimwene, muli bwanji kodi? Mwasowatu."

"Ndilipo, ndilipo ndithu. Kaya inu, mawondo aja?"

"Aaa, ndi omwewo, tikukalamba. Akunyumba ali bwanji, anabwera?"

"Sanabwere, koma ali bwino."

"Chabwino. Tsono achimwene, ndati ndikuvutitseni, inu ndi amene mumadziwa za mafoni. Yangayi ikungonena kuti yadzaza, yadzaza. Mwana wanga anati ndituluke m'magulu osagwira ntchito. Ena anandichotsera yekha asanapite, koma lathu lija linaiwalika. Ndayesa, ndayesa, ndikungodina zina. Kodi pagulu amatuluka bwanji?"

A Kadiso anakhala pansi. Kumbuyo kwa mayiwo kunkamveka wailesi ndi munthu wina akufunsa za diresi lake. Ndiye kuti sanakhalire dala. Ankangosowa khomo.

"Gulu loti anthu sakulembamo silidzaza foni, achemwali," anatero motsitsa. Zinali zoona, sanawonjezere kanthu.

"Zoona? Ha, ndiye mwana uja wandinamiza. Komabe ndiphunzitseni, ndizidziwa, lingamandisokoneze maso ndikamafuna la kutchalitchi."

Akanatha kunena kuti foni ya mtundu umenewo saidziwa. Akanatha kunena kuti abwera okha kudzawachitira, n'kusapita. Bodza laling'ono lokha, ndipo anali ataona kale kuti mabodza otere amagwira ntchito. Koma anatopa nako kugwira anthu malaya.

"Ikani foni pa sipika kuti muzindimva mukudina," anatero. "Mwaika? Tsegulani gululo."

"Ndatsegula."

"Pamwamba pali dzina lake. Dinani pa dzinapo."

"Dikirani ndivale magalasi. Eya, ndadina. Kwabwera zambirimbiri."

"Musaope. Kankhani ndi chala kupita m'mwamba, kuti mutsike pansi. Pang'onopang'ono, musathamange."

Anawayendetsa bwinobwino, mosafulumira, ndipo mayiwo akasochera ankawabweza n'kuyambiranso. Sanawasocheretse dala ngakhale kamodzi, koma sanawafulumizitsenso.

"Ndafika pansi. Pali dzina lanu ndi langa."

"Pitirirani. Pansi pa mainawo pali mawu ofiira."

"Ndawaona."

"Dinani amenewo."

"Ndadina. Ikufunsa ngati ndatsimikiza." A Kadiso anayang'ana kamera ija ili yasa pa tebulo. "Achimwene? Mwaduka kodi?"

"Ndilipo. Dinani kuti inde."

Mayi Telala anathokoza kwambiri. Anati a Kadiso ndi munthu wabwino, wofatsa pophunzitsa, osati ana a masiku ano ongokulanda foni m'manja. Anati adzaonana, ndipo anadula poti wa diresi uja anali akudikira. A Kadiso anakhalabe foni ili kukhutu kwa kanthawi, kenako anaitsitsa n'kutsegula gululo kuti aone. Mayiwo anali atatha bwinobwino, sanalakwitse paliponse.